Lupus komanso khansa ya m'magazi m'thupi limodzi

Sabata yatha mayi wina wa ku Zomba anandilembera imelo. Amayi ake adwala lupus, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo, kwa zaka 7, ndipo tsopano awapezanso ndi CMML, khansa ya m'magazi yoyenda pang'onopang'ono. Akufunsa kuti: kodi lupus ndiyo yasanduka khansa, kapena mankhwala aja ndiwo awapweteka?

Achemwali, pepani kwambiri, mtolo mwasenzawu ndi wolemera. Lupus sisanduka khansa ayi. Koma matenda awiriwa amakumana pa gwero limodzi, mafuta a m'mafupa, momwe mumapangidwa maselo onse a magazi. Maselo oyera, asilikali a chitetezo cha m'thupi, amabadwira momwemo. Akabadwa opunduka, monga zimakhalira pa CMML ndi MDS (matenda ena a mafuta a m'mafupa ofanana ndi CMML), amatha kuukira thupi lomwe amayenera kulilondera: mfundo zimatupa, khungu limatuluka zidzolo, mitsempha ya magazi imatupa. Mwa odwala MDS kapena CMML 10 aliwonse, mmodzi kapena awiri amakhalanso ndi matenda otere. Nthawi zina kutupa kumayamba khansa isanaoneke, nthawi zina kumatsatira. Mu 2020 ofufuza a ku America anafotokoza matenda a VEXAS, amene amagwira makamaka abambo opitirira zaka 50, pomwe kusintha kwa jini imodzi, UBA1, kumabweretsa kutupa ndi vuto la mafuta a m'mafupa pamodzi.

Za mankhwala sindikubisirani. Azathioprine ndi cyclophosphamide, ena mwa mankhwala a lupus, akamwedwa nthawi yaitali amakweza chiopsezo cha khansa zina za m'magazi. Komatu mankhwala omwewo ndiwo amateteza impso za odwala lupus ambiri. Musadziimbe mlandu, ndipo ngati amayi akumwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, chonde asasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi lomwe lazolowera mankhwalawa limatha kufooka koopsa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi ichi. Lupus payokha imachepetsa magazi, ndiye zotsatira za full blood count, kuyeza kuchuluka kwa maselo a magazi, zikatsika, n'kosavuta kungoti ndi lupus yomwe ija, miyezi n'kumapita. Inu mwadutsa kale pamenepo, koma tsopano amayi ali ndi madokotala awiri, wa magazi ndi wa lupus, ndipo aliyense akhoza kulemba mankhwala ofooketsa mafuta a m'mafupa osadziwa za mnzake. Buku lawo la kuchipatala likhale limodzi, mapepala onse a magazi muwasunge motsatana ndi madeti, ndipo mabotolo onse a mankhwala muziwanyamula pokaonana ndi dokotala aliyense. Akatentha thupi, akatuluka magazi m'nkhama kapena kamfuno, musadikire tsiku la kiliniki, pitani nawo tsiku lomwelo, ngakhale usiku.