Achimwene, musaipereke kwa wa ma burglar bar

Imani kaye achimwene, ndamva zoti mukufuna pokhala injini ya galimoto yanu pasalale, popanda mabowo. Musanamuitane wowotcherera mageti uja kuti adzatseke mabowo a mozungulira injini, mumve zanga, chifukwa mtima ukundiwawabe.

Yanga ndi Corolla AE100, ya injini ya 5A-FE ija. Injini tinali titatsitsa, nanenso ndimafuna mkati mukhale see ngati mmene mukufunira inumu. Pokhala batire panali patadyekeratu. Asidi ndi mvula yathu ya ku Zomba kuno zikagwirizana, chala chimangolowa m'chitsulo. Anthu anandilozera bambo wina cha ku Chinamwali, ati palibe chitsulo chimamukanika. Dzina sinditchula, a admin angandichotse. Nditamufunsa ngati ali ndi MIG, makina owotcherera ndi waya wopyapyala ndi gasi, anangoseka, amvekere "bwana, izo ndi za pa YouTube, ine ndinayamba kuwotcherera inu muli ku pulayimale."

Anatulutsa makina ake a arc, owotcherera mageti aja, ndi ma rod (timitengo tachitsulo towotcherera) a 2.5 mm. Chitsulo cha bodi ndi chopyapyala, cha m'ma 0.8 mm. Akangogunditsa rod, m'malo motseka bowo limakula. Iye n'kumathamangitsa bowolo, kuunjika zinyenyeswa pamwamba pa zinzake, chitsulo chikupindika ndi kutentha, akuti filler, phala lomata pa bodi lija, idzabisa.

Ndiye anafika pa firewall, chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Kuseri kwake, pansi pa dashboard, kuli underfelt yokhuthala ija yotchinga phokoso, ndipo mawaya amadutsa pomwepo. Sanachotse kalikonse. Ine ndili chiimire pambali, ndinayamba kumva fungo la labala. Ndinamuuza, iye akuti ndi penti yakale. Kusuzumira pagalasi, utsi wakuda uli tolotolo m'ma vent, kalilime ka moto kakuoneka cha kumapazi a pasenjala. Zitseko zokhoma! Makiyi ali m'thumba mwa mnyamata wake amene anamutuma kukagula ma disc. Chozimitsira moto palibe, ngakhale ndowa ya madzi pa garaja yonse palibe. Ndinatola mwala n'kuphwanya ndekha galasi la galimoto yanga, manja akunjenjemera. Mayi wina wogulitsa mandasi ndi amene anathamanga ndi chidebe chake, anyamata a kabaza akuwaza mchenga ndi manja. Pomwe moto umazima, dashboard inali italendewera ngati phula, mawaya atamatana mtolo umodzi, kompyuta ya injini itamwa madzi ndi matope.

Mukudziwa zimene ananena bamboyo? Akuti galimoto yanu inali kale ndi short. Short, batire ili kunyumba kwanga ku Matawale! Pepani sanatchule. Mawa lake anali kufunsa za ndalama yotsala, eti ma rod anagula ndi yake.

Chinanso ndinachiona mochedwa. Posalaza ndi grinder, mnyamata wake anadya manambala akumapeto a chassis, chifukwa pa Corolla zimenezi nambala inadindidwa pa firewall pomwepo. A Road Traffic amaiyerekeza ndi ya mu blue book, ndipo ikaoneka yopalidwa, muyamba kufotokoza kuti galimoto si yakuba. Malo amenewo matanipo tepi, pasafike disc kapena filler. 

Tsono ngati mwatsimikiza: chotsani dashboard, kapeti, underfelt, kompyuta, mawaya, mapaipi a petulo ndi a mabuleki. Wina akhale mkati ndi madzi ndi chiguduli chonyowa nthawi yonse imene akuwotcherera kunja. Pezani wa MIG wa waya wa 0.6 mm, aziwotcherera madontho, apa kamodzi, uko kamodzi, kudikira pazizire, osati mzere umodzi wautali. Bowo laling'ono amaika kachidutswa ka kopa kuseri kuti chitsulo chosungunuka chisagwere. Lalikulu alidulire chigamba chokhuthala mofanana ndi bodi. Posalaza agwiritse flap disc, ya timapepala ta sandpaper ija; disc yolimba ija imadya chitsulo chabwino. Apake epoxy primer, penti yoyamba yotchinga dzimbiri, pa chitsulo chosapenta, kutsogolo ndi kuseri komwe, filler isapitirire 3 mm, seam sealer, phala lotseka ming'alu, m'molumikizira. Ndipo osapenta tsiku limene chifunga chatsika ku Ku Chawe, chinyezi chimatsekeredwa mkati, dzimbiri n'kudzatumphuka pansi pa penti yanu yokongolayo. Mabowo otulutsira madzi a pansi pa ma wiper musatseke zivute zitani.

Komatu kunena zoona, amene anadzandikonzera si wa MIG ayi. Ndi mdala wina cha ku Mpondabwino wa gasi wa carbide, kamoto kake kakang'ono, osapupuluma, akumenya ndi kahamala pang'onopang'ono chitsulo chikadali chofunda. Ntchito yake simungaloze pamene panali bowo. Ndiye musavutike kukoka galimoto mpaka ku Blantyre chifukwa cha makina okha. Muuzeni munthuyo awotcherere kaye chidutswa cha chitseko chakale inu mukuona. Komanso mabowo ambiriwo ine lero ndikanangoikamo timalabala totsekera basi, boneti imakhala yotseka, ndani akuona?

Tumizani chithunzi cha pokhala batire ndi pamwamba pa ma shock tione kaye. Ngati pamenepo padyeka, yambirani pomwepo, zosalazazo zidikire.