Za nsapato zija, msuweni

Eee msuweni, wawa. Uthenga wako ndaumva, ndinali kudimba. Akuti nsapato zanga zothamangira zija zikadalipo, ubwereke. Zilipo, zili kunsi kwa bedi. Koma iwe... mmm. Munthu watha miyezi iwiri ukutsimphina ndi mtsempha wa kuchidendene, lero ukufunsa nsapato? Si nsapato ukufuna iwe. Ukufuna wina akuuze kuti yambapo, triathlon yako ija, mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga uja, ingakupite. Ndanama? Ndimakudziwa kuyambira uli ndi mamina.

Ukuwakumbuka amalume a ku Santhe? Ayi, dikira, nthawi imeneyo n'kuti asanasamukire ku Santhe, anali akadali kuesiteti ya fodya ku Chamama, chaka chomwe agogo anagulitsa ng'ombe ija. Ankamenya mpira, nambala 7, liwiro ngati gwape. Ndiye chidendene chinayamba kuvuta. Akadzuka m'mawa ankayenda ngati aponda minga, dzuwa likakwera n'kumati zatheka. Agogo kuwathowa ndi madzi otentha, mayi ako kuwaletsa, iwo osamva. Atangopezako bwino sabata imodzi, anamanga mwendo ndi kansalu ka chitenje, ulendo wa kubwalo. Mpira wake unali wolimbirana mbuzi. Ine ndinalipo, ndinawasungira malaya. Chigawo choyamba bwinobwino. Chachiwiri, akuti authamangire mpira, tinangomva kuti thaa! Anagwa chafufumimba, n'kucheuka mwaukali kufuna amene wawagenda. Kumbuyo kulibe munthu, msuweni. Mtsempha unali utaduka. Tinawanyamula pangolo, kuchipatala anawaika chikhakha, fodya wa chaka chimenecho anathyola ndi ena. Mpaka lero mwendo umenewo satha kuimira zala. Paukwati paja sunaone mmene ankakwerera masitepe?

Ndimati chiyani... eya. Ululu ukaleka, sikuti mtsempha wapola. Mtsempha umenewu sulandira magazi ambiri ngati mnofu, n'chifukwa chake umachedwa. Ndi nkhani ya miyezi, osati masabata. Ndipo kungogona sikuchiza, umafuna ntchito yoyeza. Mafizo anakupatsa aja ukupanga? Usandinamize. Kuima ndi zala m'mphepete mwa khonde, kukwera ndi miyendo yonse, kenako kutsitsa chidendene cha mwendo wodwalawo pang'onopang'ono. Ka 15, maulendo atatu, bondo lowongoka, kenakonso bondo lopindika, m'mawa ndi madzulo, masabata 12. Inenso mtsempha womwewo utandivuta ndinapanga onse 12 pakhonde lomweli, ana akundiwerengera. Zimatopetsa, koma ndi zomwe zinandibwezera pamsewu.

Ndipo taona, pa zitatu zija chovuta n'chimodzi. Kusambira kilomita imodzi ndi theka, kupalasa makilomita 40, zimenezo sizipondereza chidendene kwenikweni. Njinga palasa, lowera msewu wa ku Mtunthama, magiya opepuka, osaimirira pamtunda. Kusambiranso sambira, kungoti osati m'madamu mwathumu, ungatenge likodzo. Makilomita 10 othamangawo ndi amene adikire.

Ukadzayamba, yamba pabwalo lafumbi losalala, mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, mawa lake kupuma. Phiri la Kasungu lisiye kaye, ndikudziwa umalikonda kuti atsikana akuone. Woweruza ndi m'mawa wotsatira: ukaponda pansi n'kumva kuuma kuposa dzulo, wapyola, bwerera m'mbuyo. Aa, ndisanaiwale, ukadwala n'kufuna kukupatsa cipro, uwauze adokotala za mwendowo, mankhwala amenewo amafooketsa mitsempha yotereyi.

Ndiye ndikuti usathamange kaye. Kuleka kuwawa si kupola, wamva? Maliza masabata 12, afizo akuyeze, udumphedumphe ndi mwendo umodzi osamva kanthu. Ukatero nsapato ndidzabweretsa ndekha, ndi masokosi omwe. Panopa zikhale kunsi kwa bedi. Usathamange, msuweni, ine ngolo ija sindifuna kuiperekezanso.

Upereke moni kwa azakhali, uwauze mbewu ya mtedza ija ndatumiza ndi wakabaza. Batire ikutha.