Musanaitane kalipentala, khuthulani kaye masutikesi

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti iwo ndi bambo akunyumba ali m'nyumba ya lendi, zovala zawo zimakhala m'masutikesi, zina pachingwe chomwe anamanga kuchipinda. Tsopano asunga kandalama koti akhometse wadilopu, ndiye akufunsa kuti ayambire pati, ndipo kalipentala amuuze zotani.

Mayi, kalipentalayo ayambe wadikira. Ambiri timathamangira kusankha maonekedwe, zitseko zonyezimira ndi galasi lalikulu, kenako n'kuzindikira kuti madiresi aatali akukhwinyatira pansi pomwe mashelefu ena ali mbee, opanda kanthu. Wadilopu iyenera kutsata zovala zimene muli nazo. Choncho Loweruka lina khuthulirani zonse pabedi ndi pamphasa, muziunjike m'magulu: zopachika zazitali, zopachika zazifupi, zopinda, ndi zing'onozing'ono monga masokosi, mipango ndi zamkati. Pamenepo mupeza zija munatola pakaunjika chifukwa mtengo unali wabwino koma simunavalepo. Zimenezo musazikhomere malo. Perekani kwa abale kapena kumpingo.

Mukatero tengani tepi. Kuchokera kuchitseko kufika kumbuyo, mbali yopachikira ikhale masentimita 60, apo ayi 55, chifukwa hang'ala ndi yotambalala. Mukachepetsa, mapewa a jekete azikhula chitseko nthawi zonse. Malaya ndi masiketi amafuna pafupifupi mita imodzi kuchokera pachitsulo chopachikira kutsika pansi, kutanthauza kuti mbali ya bambo mutha kuika zitsulo ziwiri, china pamwamba china pansi, malo n'kuchuluka kawiri. Madiresi aatali ndi zosoketsa zachitenje zopitira kuukwati zimafuna masentimita 150 kapena kuposerapo. Chitsulo chikatalika kupitirira mita popanda chochirikiza pakati chimapindika, makamaka mukapachika masuti.

Mashelefu atalikirane masentimita 30 basi. Akatalikirana kwambiri mumasanja mulu wautali, ndipo tsiku lofuna chitenje chapansi mulu wonse umagwa. Zitenje ndiye ndimakonda kuziimika chilili m'dirowa zitapindidwa bwino, kuti mukatsegula muone chilichonse nthawi imodzi: cha kumaliro, cha kumvano, cha pakhomo. Pamwamba penipeni, pomwe simufika popanda mpando, ndi pa mabulangete, majuzi ndi majekete amene amangotuluka mu Juni ndi Julaye.

Tsopano nkhani imene akalipentala ambiri saitchula, ya chinyezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi makoma a nyumba zambiri amatuluka thukuta, ndipo wadilopu yogunda khoma, yotsekeka ponseponse, imachititsa zovala nkhungu. Nsapato zachikopa ndi malamba ndi zimene zimayamba kutuwa. Uzani kalipentala aike miyendo ya masentimita 10 kuti madzi okolopera asafike pathabwa, aboole timabowo kumbuyo, ndipo poimika musiye kampata pakati pa wadilopu ndi khoma. Ngati n'kotheka ikhale kukhoma lam'kati, osati limene mvula imawomba. Za matabwa, funsitsani. Bolodi ya utuchi wopanikiza ija imaoneka bwino ili yatsopano, koma ikamwa madzi imafufuma ndipo zomangira sizigwiranso. Paini wouma bwino kapena pulayiwudi amapirira. Ndati wouma, chifukwa thabwa laliwisi limapindika likamauma, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Wina akakutsatsani mkungudza wa ku Mulanje ponena kuti fungo lake limathamangitsa njenjete, mukane. Mtengowu watsala pang'ono kutheratu ndipo ndi wotetezedwa ndi lamulo.

Chovala chisalowe m'wadilopu chisanaumitsitse. Zoyanika panja, makamaka za ana, muzisite kaye, chifukwa nthawi ya dzinja kuli ntchentche ija imaikira mazira pansalu yonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu. Timibulu toyera tonunkha tothamangitsira njenjete ndi mphemvu timagwira ntchito, koma ndi poizoni, ndipo mwana amatiyesa maswiti. Pakhomo pa ana aang'ono ine sindingatiike, ndipo zovala za khanda zisayandikane nato n'komwe.

Popeza muli pa lendi, musalole kuti akhomere wadilopu kukhoma. Tsiku losamuka mudzakangana ndi eni nyumba kapena mudzaisiya. Ikhale ya zigawo ziwiri zolumikiza ndi mabawuti, chilichonse chotha kudutsa pakhomo la kuchipinda. Yezani khomolo musanapereke ndalama yoyamba, muyezenso ngati zitseko za wadilopu zingatseguke osagunda bedi. Miyezo yonseyi muilembe papepala, lina mupatse kalipentala, lina musunge nokha kuti mudzafananitse tsiku lokatenga katundu.