Za gasi wa firiji ya azakhali

Eee, asuweni, mwaswera bwanji ku Joniko? Ine kulemba sinditha lero, manja ali m'madzi, ndiye mungomvera mawuwa. Ndaona funso lanu m'gulumu, lija mwati kodi gasi wa firiji amatha pakapita miyezi ingati. Aliyense wawerenga koma onse angoti zii, chifukwa tikudziwa kuti za miyezi mulibe nazo ntchito inu. Mwayamba liti kukonda mafiriji? Munthu woti tili ana babu likapsa mumathamangira kudzaitana ine? Inu mukufunsa za mng'ono wanu. Mukufuna kudziwa ngati ndalama ya gasi imene wakupemphaniyo ipitadi ku firiji ya azakhali kapena ithera pa kanyenya pa Lizulu pompo. Mukanangonena choncho, amuna anga, m'gulumu tili tokhatokha. Chabwino, kupatula alamu awiri aja, koma nawonso anatizolowera.

Tadikirani kaye... iwe, taphula mphikawo, nyemba zikupserera! ... Pepani. Ndimati chiyani paja? Eya.

Gasi wa chaka chatha uja, mukudziwa mmene anathera? Inu kunalibe, munangotumiza ndalama, ndipo nkhani munaimva yoduka mutu chifukwa palibe ankafuna kuwachititsa manyazi atsibweni aang'ono. Lero ndinena. Foni yawo ndi ya mabatani, izi sazimva, ndipo wina akakawauza ndimudziwa.

Linali dzulo lake la tsiku lomanga chiliza cha agogo... ayi, ndanama, linali tsiku lomwelo m'mawa, chifukwa anyamata anali atakandya kale simenti kumanda. Mbuzi ija tinapha Lachinayi, nyama tinaipanikiza m'kachipinda ka pamwamba kaja koumitsa. Kufika Loweruka nyama ndi ayisi zagwirana gwa, ngati mwala. Azimayi tikufuna kuteleka, nyama osatuluka. Ine ndikuti tizule pulagi, tiikemo poto wa madzi otentha, titseke chitseko, isungunuka yokha tikusenda anyezi. Basi atsibweni atulukira, atavala chijasi chawo chija cha ku Tsangano chimene savula ngakhale mu Okotobala. Akuti azimayi inu mumachedwa ndi zinthu, Mngoni sadikira nyama. Apisa m'thumba, atulutsa mpeni wawo uja wosendera mbatatesi, wodulira fodya, wowengera zikhadabo, mpeni umodzi ntchito zonse. Go, go, go. Ine ndikuti atsibweni musatero. Akuti mphwanga khala chete, ndinaona mafiriji iwe usanabadwe. Go, go... kenako tinangomva fuuuu!

Asuweni, munthu wamkulu kudumpha, kugunda ndowa ya thobwa, kutuluka m'khitchini chobwerera m'mbuyo akukuwa kuti njoka, tengani ndodo! Njoka m'firiji. Pa Lizulu. Mu Julaye.

Ndiye atazindikira kuti si njoka, mukuganiza anavomera? Aaa. Akuti firijiyi inadzaza mpweya woipa, imafunika kupuma, ndaithandiza. Atenga sopo wochapira uja wa mtanda, kumata pabowopo. Sopo wagwa. Atuma mwana chingamu ku golosale, atafuna okha, bambo wa imvi, kumatapo, kuyatsa firiji, kuima pambali manja m'chiuno ngati injiniya wa ku Lilongwe. Tsiku lonse anthu ali kumanda iwo akuzemba, kubwera kudzapisa dzanja. Madzulo akulengeza kuti yayamba kuzizira. Eee, kumazizira kunja! Julaye wa kumeneko mukumudziwa, madzi a mumtsuko amachita kupweteka mano. Nyama yotsala tinachita kuiwamba pa moto usiku, ine ndi azakhali, utsi m'maso, iwo ali pakhonde akufotokozera alendo a ku Bembeke kuti mafiriji a masiku ano ndi osalimba. Ndipo pa chinkhoswe chija cha mu Disembala anandikokera kuseri, akuti mphwanga, nkhani ya njoka ija isamveke ku Joni. Ndasunga miyezi yonseyi, lero yandipulumuka.

Chimene anabaya ndi khoma la kachipinda kaja. Limaoneka ngati chitsulo wamba, koma ndi aluminiyamu wopyapyala, ndipo mizere yotukuka ija imene mumaiona ndi timisewu ta gasi. Ndiye ndalama yanu ya chaka chatha inagwira ntchito yake, ndinaliko, mmisiri anamata bowo n'kuthira gasi ine ndikuona.

Tsono funso lanu la miyezi lija. Gasi wa firiji si ngati wophikira wa m'silinda, woti akamayaka akutha. Uyu amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kupita, kubwera, yemweyo. Firiji yanga ino ndinagula mwana wanga wachiwiriyu ali kumsana, pano ali ku sekondale, imaumitsa mafirizesi tsiku ndi tsiku, sindinathirepo gasi ngakhale kamodzi. Munthu akakuuzani kuti gasi watha, mufunseni kuti watulukira pati. Akathira osapeza bowo, ndiye kutunga madzi ndi dengu kumeneko, mudzatumizanso ina mvula isanagwe.

Koma... dikirani ndikhale pansi, msanawu... koma ineyo firiji ija ndinaimvera Lamulungu. Pochokera ku maliro a ku Ntcheu aja ndinatsika pa Lizulu kugulako kabichi ndi tomato, ndiye ndinadzera kwa azakhali. Mukatsegula chitseko babu likuyaka bwinobwino, kusonyeza kuti magetsi akufika, fyuzi ya mu pulagi ndi yamoyo. Ndinakhala pafupi ndikumwa tiyi. Kompuresa, chimphika chakuda chija cha kumbuyo pansi, imati mmmm pang'ono pokha, kenako kwa! Zii. Pakapita mphindi zingapo, mmmm, kwa! Zii. Firiji imene gasi wathawamo sichita choncho. Imeneyo imalira osapuma, usana ndi usiku, koma mkati muli fundefunde. Iyi ikukanika kudzuka kumene.

Pambali pa kompuresapo pali kabokosi ka pulasitiki kakuda. Mkati mwake muli kachipangizo kamene amisiri amati relay, kamene kamaikankha kompuresa kuti iyambe, ndi kena kamene kamadula magetsi ikatentha kwambiri. Kulira koti kwa! kuja ndi kachiwirika, kakuiteteza kuti isapse. Relay ikapsa, mukaichotsa n'kuigwedeza pafupi ndi khutu imalira ngati bokosi la machesi lotsala timitengo tiwiri. Ine sindinatsegule, si ine atsibweni. Koma yanga inachitapo zomwezi, ndipo anasintha kachinthu kameneko basi, ndisanamalize n'komwe kumuphikira tiyi mmisiriyo. Mtengo wake sungayandikire n'komwe wa gasi.

Chimapsereza ndi kuthimathima kwa magetsiku. Akathima n'kuyakanso nthawi yomweyo, gasi amakhala adakali wothinana m'mapaipi, kompuresa ikamati idzuke imakhala ngati mukukankha ngolo yodzaza mbatatesi pa chitunda. Imakoka magetsi ambiri, kutentha, mpaka kachinthu kaja kufa. Ndiponso, azakhali mundikhululukire poti mumva izi, ndinaona ekisitenshoni yanu ija. Kawaya kowonda kochokera pabalaza, pomwepo firiji, pomwepo ketulo, pomwepo hotipuleti. Magetsi a m'nyumba kuno amayenera kukhala 230, koma madzulo aliyense akamaphika mumaona nokha babu likufiira. Pa kawaya kotero firiji ilandira chiyani? Ipatsidwe soketi yakeyake ya pakhoma, ndipo muisunthe pang'ono, mwaigunditsa kukhoma mpaka mapaipi a kumbuyo sakupeza mpweya, fumbi ndi akangaude okhaokha.

Sindikulumbira ayi. Mwina kompuresa yeniyeniyo ndi imene yagwira, pamenepo ndiye tidzakhala pansi monga banja chifukwa ndi ndalama ndithu. Koma zimenezo zimadziwika akayesa kaye relay yatsopano, osati pa foni.

Eya, pa foni, ndi pamene pagona nkhani. Ndinamufunsa mng'ono wanuyo kuti za gasi wazitenga kuti. Akuti anaimbira wokonza mafiriji wina, n'kumuuza kuti firiji sikuzizira, uja osafunsa n'komwe kuti ikulira bwanji, osabwera kudzaiona, wangoti gasi watha, n'kutchula mtengo. Mwanayo wangotenga mawu omwewo kukupatsirani inu. Sakukuberani mng'ono wanu, asuweni. Wanamizidwa, kapena tinene kuti wauzidwa zongoganizira. Ndi yemwe uja amadzuka usiku kukazula pulagi magetsi akayamba kuphethira, inu muli m'bulangete ku Joni.

Ndiye mutumize ya zinthu zitatu... ayi, ziwiri, soketi ndilipira ine, azakhali anandilera. Ya mmisiri woti afike pakhomo ndi relay m'thumba, ndi ya fridge guard, kabokosi kaja kolowetsa pa soketi. Magetsi akabwera kamadikira kaye mphindi zitatu kapena zisanu kasanaipatse firiji, ndipo akatsika kapena kukwera kwambiri kamadula. Asainyamule firijiyo kupita nayo kwina chogoneka m'pikapu, mafuta a mu kompuresa amalowa m'mapaipi. Zikavuta ipite choimirira, ikafika ikhale maola angapo asanaiyatse. Ndipo zikadzapezeka kuti gasinso akufunika, pali kapepala kumbuyo kolembedwa mtundu wake, kaya R134a kaya R600a. Wachiwiriyo amayaka moto, si wongothira mwachisawawa. Pakadali pano ndawauza azakhali aizule kaye, chifukwa nthawi iliyonse ikamati kwa! ikudzipweteka.

Mwamva? Ya gasi musatumize, mwanayonso musamukalipire, mumuimbire bwinobwino ngati mkulu wake. Paja inu mukakwiya mumalemba ndi zilembo zikuluzikulu, tonse timaona.

Iwe, tatseka chitsekocho, nkhuku zikulowa! ... Ndiye ndimati, mnyamatayo alibe mlandu, ndipo firijiyo, mmene ndinaimvera ine, si ya gasi. Nsapato zanga zija munalonjeza chaka cha chiliza ndikudikirabe, sayizi sinasinthe. Eee, ndikanaiwala, atsibweni amva kuti firiji yadwalanso, akuti atsika Lachiwiri kudzaiona. Azakhali mipeni yonse abisa kale m'thumba la ufa.