Discovery 4 ya 2012 yochokera ku UK: ingasunge banja zaka khumi?

Achimwene, mwati msuweni wanu wa ku Leeds wakupezerani Land Rover Discovery 4 ya 2012, ya dizilo ya 3.0, mipando isanu ndi iwiri, yoyenda mamailosi 145,000, pa mtengo wotsika moti inu nomwe mukukayika. Mukufunsa ngati ingasunge banja la anthu asanu ndi mmodzi kwa zaka khumi, kuyendera m'tauni ku Lilongwe ndi kupita kumudzi ku Mzimba. Ena ayankha kale kuti Land Rover ndi maliro, ena akuti gulani basi, ndalama ndi zanu. Onsewa sanakuuzeni chimene chili mkati mwa galimotoyo, ndiye ndiloleni nditalikitseko.

Choyamba, ku UK amawerenga mamailosi. Mamailosi 145,000 ndi makilomita pafupifupi 233,000. Nambala imeneyi payokha sindiiopa. Galimoto yadizilo imene yakhala ikuyenda maulendo ataliatali pamisewu yabwino, ikusinthidwa oyilo pa nthawi yake, imakhala yathanzi kuposa ina ya makilomita 90,000 imene moyo wake wonse wathera pa kutula ana kusukulu injini isanatenthe n'komwe. Chimene ndikuopa ndi china. Galimotoyi itatuluka kufakitale ku Solihull inali ya anthu a ndalama, ndipo masipeyala ake mpaka lero amagulitsidwa pa mtengo wa anthu a ndalama, m'mapaundi. Chatsika ndi mtengo wogulira wokha. Inu mumalandira makwacha, ndipo tonse tikukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa zaka khumi mudzakhala mukugula zitsulo ndi ndalama yakunja. Funso lenileni ndi lakuti tsiku limene chinthu chodula kwambiri chidzafe, mudzatha kulipira osakhudza fizi ya ana?

Kutsika kwa mtengo kuli ndi chifukwa china chosaopsa. Kuyambira Ogasiti 2023, mzinda wonse wa London uli pansi pa lamulo lochepetsa utsi wa magalimoto lotchedwa ULEZ, ndipo galimoto yadizilo yosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 6 imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse imene yayenda mumzindamo. Ku Birmingham ndi ku Bristol kulinso malamulo ofanana nawo. Discovery ya 2012 ndi Euro 5, choncho eni ake ambiri akuzitaya si chifukwa choti zafa ayi. Koma chifukwa chachiwiri n'chimene muyenera kufufuza: mwini wake amadziwa bilu imene ikubwera kutsogolo, ndipo akufuna igwere wina.

Bilu yoyamba ndi malamba a injini. Injini ya V6 imeneyi ili ndi malamba awiri ofunika: la taimingi kutsogolo, ndi lina kumbuyo loyendetsa pampu ya dizilo. Amasinthidwa pakatha zaka 7 kapena mamailosi 112,000, chimene chayamba kukwana. Ndiye kuti pa galimoto ya 2012 kusintha koyamba kunayenera kuchitika pofika 2019, ndipo kwachiwiri kukugwa mu 2026. Ngati palibe risiti yosonyeza tsiku ndi mamailosi, ingowerengerani kuti sanasinthe, mawu apakamwa a wogulitsa musawamvere. Lamba la taimingi likaduka, mavavu amagundana ndi mapisitoni, injini yapita.

Chachiwiri ndi chimene chimapangitsa amakaniko kupukusa mutu. Injini imeneyi, pamodzi ndi mkulu wake wa 2.7 wa mu Discovery 3, ili ndi mbiri ya kuthyoka kirankishafuti kapena kuzungulira kwa mabering'i ake. Si zonse zimene zimatero, zambiri zimayenda mpaka kukalamba, koma ikatero sichenjeza mokwanira. Mumangomva yayamba kunoka, kenako zii. Palibe kukonza kwa pansi pa mtengo apa, ndi kufuna injini ina, ndipo injini ina yogwiritsidwa kale ntchito imabwera ndi nkhawa yomweyo. Chitetezo chokha chimene muli nacho ndi mbiri ya oyilo: ankasintha pafupipafupi, ndipo ankathira oyilo woyenera? Ikafika kuno, iwalani mtunda wautali umene buku limanena. Ndi fumbi lathu ndi kutentha kwathu, ine ndingasinthe oyilo pa makilomita 7,000 kapena 8,000 alionse, ndipo akhale wa muyezo umene injiniyo imafuna, osati wa m'zigubu zosadziwika kochokera.

Pali tina tocheperapo koma tosasangalatsa. Mamanifodi olowetsa mpweya ndi apulasitiki ndipo amang'aluka, galimoto n'kutaya mphamvu panjira. Mavavu a EGR, obweza utsi wina mu injini, amadzaza mwaye. Matebo (turbo) alipo awiri, ndipo pamalo pake m'pothina moti magalaja ambiri amanyamula bodi yonse kuichotsa pa chasisi kuti awafikire. Dzifunseni kuti ndi magalaja angati m'dera lanu amene ali ndi makina onyamulira bodi ndiponso munthu amene anagwirapo ntchito imeneyi.

Sefa ya utsi, imene amati DPF, ndiyofunika kuiganizira bwino chifukwa ikukhudza kayendedwe kanu ka tsiku ndi tsiku. Imasonkhanitsa mwaye, ndipo imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga kwa kanthawi injini itatentha bwino. Ulendo wa ku Mzimba imaukonda. Chimene sichiyanjana nayo ndi kukwawa pamzere wa magalimoto m'mawa kupita ku City Centre, kuzimitsa, madzulo kubwerera chimodzimodzi, sabata ndi sabata. Kudziyeretsa kukamadukizidwa, dizilo wina amatsikira mu oyilo n'kumusungunula, ndipo oyilo wosungunuka ndi mdani wa mabering'i aja. Mwaona mmene nkhanizi zikulumikizirana. Onjezani apo dizilo wa m'zigubu amene tonse timakakamizika kugula mafuta akasowa: madzi pang'ono kapena fumbi, mainjekitala ndi pampu zimalira.

Tsopano chimene chimapangitsa anthu kuikonda galimotoyi, ndipo ndivomereze, amaikonda ndi chifukwa. Imayenda pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i. Pamsewu wa maenje ana amagona kumbuyo osadziwa kanthu, pamatope mumaikweza ndi batani, agogo akamakwera mumaitsitsa. Mipando iwiri yakumbuyo kwenikweni imakwana akuluakulu, osati ana okha ngati m'magalimoto ena. Pa kukoma kwa ulendo, Prado siyifika. Koma matumbawo ndi a labala, ndipo labala wa zaka zoposa khumi amayamba kuchucha. Thumba likamachucha, kompuresa imagwira ntchito osapuma mpaka kupsa. Muli masensa oyeza kutalika pa tayala lililonse, ndi mavavu ogawa mpweya. Chimodzi chikalakwika, kompyuta imatsitsa galimoto pansi n'kukuuzani kuti muyende pang'onopang'ono. Zikachitikira pa Area 18 ndi nkhani yoseka madzulo. Zikachitikira pakati pa Kasungu ndi Jenda usiku, akuyendetsa ndi mayi a kunyumba, ana ali kumbuyo, si nkhani yoseka. Msuweni wanu aisiye galimotoyo usiku wonse, m'mawa aone ngati ngodya ina yagwa. Ena kuno amachotsa mpweya wonse n'kuika masipuling'i achitsulo. Zimatheka, ndipo mtima umakhala m'malo, koma mwachotsa chinthu chimene munaigulira.

Za mabushi a kutsogolo sinditaya nthawi: galimotoyi imalemera matani awiri ndi theka, misewu yathu mukuidziwa, mudzasintha kangapo. Handibuleki yake ndi yamagetsi ndipo ikalowa fumbi ndi matope imalira mokuwa kapena kukana kumasula. Giyabokosi ndi ya kampani ya ZF, yabwino ndithu, ya magiya 8 ngati ili ndi kachozungulira posankhira giya, ya 6 ngati ili ndi ndodo. Ambiri sasintha oyilo wake poti anauzidwa kuti ndi wa moyo wonse. Pa makilomita 233,000 musinthe pamodzi ndi sefa yake isanayambe ulendo uliwonse wautali.

Matayala anthu amawaiwala. Zambiri zimabwera ndi marimu a mainchesi 19 kapena 20, ndipo mabuleki ake ndi aakulu moti marimu a 17 salowa. Tayala la 255/55 R19 likang'ambika pa dzenje ku Mzimba boma, simudzalipeza pa sitolo ya pafupi. Muziyenda ndi sipeya yabwino, ndipo paulendo wa kumudzi nthawi ya mvula, awiri.

Ubwino wa galimoto ya ku UK ndi woti mbiri yake siyibisika. Pemphani nambala yake ya ku UK, mulowe pa tsamba la boma la gov.uk pamene amaonetsa mbiri ya MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kofanana ndi COF yathu. Ndi zaulere, ndipo mungathe kuona muli pa foni kunyumba. Chaka chilichonse kuyambira galimoto itakwanitsa zaka 3, amalemba mamailosi, chimene inalephera, ndi machenjezo a woyeza. Ngati mamailosi anabwerera m'mbuyo chaka china, nkhani yathera pomwepo. Werengani machenjezo mofatsa, makamaka mawu onena za dzimbiri pa chasisi ndi pa mapaipi a mabuleki. Kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuchokera pansi pomwe penti pamwamba ikuwala. Paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zithunzi za mipando yachikopa sizikuthandizani, mufune zithunzi za pansi galimoto itakwezedwa. Msuweni alipirenso kafukufuku wa HPI kuti mudziwe ngati ili ndi ngongole kapena inalembedwapo ndi a inshuwalansi kuti inaonongeka kwambiri pa ngozi, zimene amati Cat S kapena Cat N. Ndipo ndalama imene simudzanong'oneza nayo bondo ndi yolipira galaja yodziwa Land Rover yokhayokha kumeneko, kuti aiyeze ndi kompyuta isanakwere sitima. Ikafika pa doko la Dar es Salaam kapena Walvis Bay, palibenso kubweza.

Msonkho musauwerengere m'mutu. A MRA amaona chaka cha galimoto ndi kukula kwa injini, osati kutsika kwa mtengo umene mwagulira, ndipo galimoto yakale ya injini yaikulu siyipepukidwa. Pitani kwa ejenti wovomerezeka akuwerengereni papepala musanatumize ndalama iliyonse ku Leeds. Muphatikize sitima, za padoko, woiyendetsa kufika nayo kuno, kulembetsa, COF ndi inshuwalansi. Kenako pamwamba pa zonsezo muike ndalama ina yoti musaikhudze. Mwa kuona kwanga, ikhale yosachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wonse galimoto itafika, ndipo theka lake lidzatha miyezi yoyambirira pa malamba, maoyilo onse, mabushi ndi batire. Batire musanyozere, magalimoto amenewa batire ikafooka amayatsa machenjezo abodza ambirimbiri, makaniko wosadziwa n'kuyamba kusintha zinthu zabwinobwino. Mafuta musayembekezere zoposa makilomita 9 kapena 10 pa lita, m'tauni zochepera apo.

Mwina mukufunsa kuti nanga m'malo mwake mugule chiyani. Poti msuweni ali komweko, ayang'anenso Toyota Land Cruiser ya 150, imene kuno timaitcha Prado. Za ku UK za zaka zimenezo zili ndi injini ya dizilo ya 3.0, 1KD, ya banja limodzi ndi ya mu Hilux ndi Fortuner. Ndiye kuti sefa, malamba, mabushi ndi makaniko woidziwa mudzawapeza ku Kasungu, ku Mzuzu, ngakhale ku Mzimba komweko. Nayonso si mngelo. Mawasha a pansi pa mainjekitala akayamba kuchucha, mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka sefa ya pampu ya oyilo, injini n'kufa ndi ludzu, ndipo mainjekitala otopa amatha kung'alula pisitoni. Dzimbiri la ku UK silisankha mtundu. Zapamwamba kwambiri mwa izo zilinso ndi matumba a mpweya kumbuyo, choncho sankhani yapakatikati. Mtengo wake udzakudabwitsani, pa chaka ndi mamailosi ofanana ndi wokwera kwambiri kuposa wa Discovery. Msika si wopusa. Ndalama imene simunalipire pogula Discovery mudzailipira kugalaja, ndipo tsiku logulitsa, Prado idzapeza wogula sabata yomweyo pamene Discovery ya zaka zoposa 20 idzakhala pabwalo anthu akungofunsa mtengo n'kupita.

Maganizo anga ndi awa. Ngati pakhomo pali galimoto ina yaing'ono yoyendera tsiku ndi tsiku, muli ndi makaniko amene mwamuona ndi maso akukonza Discovery kapena Range Rover Sport, muli okonzeka kugula kachipangizo kowerengera zolakwika ngati IIDTool n'kumayenda nako m'galimoto, ndipo msuweni walonjeza kuti azitumiza masipeyala popanda kunyinyirika chaka ndi chaka, gulani, mudzasangalala nayo pa M1. Koma ngati iyi ndiyo idzakhale galimoto yokhayo ya banja, yopita kusukulu, kuchipatala usiku ndi kumaliro kumudzi, ndipo ndalama yonse ikuthera pa kuifikitsa kuno, isiyeni. Dikirani miyezi ingapo muonjezere ya Prado, kapena mutsike pa Fortuner yosamalidwa bwino.

Ngati mukufunabe kuipitiriza, ikani pano zithunzi za mbiri ya MOT, marisiti a malamba ndi a oyilo, ndi zithunzi za pansi pa galimoto, mutabisa nambala ndi dzina la mwini wake. Tiziona limodzi musanatumize ndalama.