Mwana wanu akufuna kupanga ndege: yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera popanda kutchula dzina lawo. Mwana wawo wamwamuna wakhoza bwino mayeso a MSCE, makamaka masamu ndi fizikisi, ndipo wakakamira kuti akufuna uinjiniya wa ndege ndi zombo za m'mlengalenga, umene azungu amati aerospace engineering. Akuti cholinga chake n'kudzachita kafukufuku ku yunivesite. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Kodi ofufuza amenewa amachita chiyani kwenikweni? Kwathu kuno sitipanga ngakhale njinga yamoto, ndiye amenewa si maloto a chumba? Amalume ake akuti achite za udokotala."

Mayi, nkhawa yanu ndaimva ndipo ndi yomveka. Fizi simaitola pansi, ndipo palibe kholo limene lingakonde kuona mwana atapachika digiri kukhoma n'kumangokhala pakhomo. Koma musanagamule, khalani naye pansi mumufunse kuti pa ntchito zitatu izi akunena iti. Pali woyendetsa ndege. Pali makaniko amene amaunika ndi kukonza ndege ikatera pabwalo. Ndiye pali injiniya amene amafufuza chifukwa chimene phiko liyenera kupindikira chonchi osati chonchi, kulemera kumene chitsulo chingapirire chisanang'aluke, ndi njira yoti injini idye mafuta ochepa. Ana ambiri akamati "ndege" amanena woyamba uja. Ngati wanuyo akunena wachitatu, ndiye tiyeni tikambirane.

Munatulutsapo dzanja pawindo la minibasi ikuthamanga? Mukaliyala mosapendeka, mphepo imangodutsa. Mukalipendeketsa pang'ono, limanyamuka lokha. Mukapitiriza kulipendeketsa, limasiya kunyamuka, mphepo n'kuyamba kulikankhira kumbuyo. Kafukufuku wambiri wa ndege ndi dzanja lomwelo, kungoti ofufuza amayeza chilichonse ndi manambala. M'mayunivesite ali ndi chimpaipi chachikulu chokhala ndi chokupiza champhamvu kumapeto, dzina lake wind tunnel. Ine ndinaimapo pambali pa chimodzi, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi timaulusi. Wophunzira anamata timaulusi taubweya pamwamba pa kaphiko kotalika ngati mkono wanga, n'kutsegula mphepo. Tonse tinagona mwaulemu kuloza kumbuyo. Anayamba kupendeketsa phikolo pang'onopang'ono, digiri imodzi, kenako ina. Litafika penapake, timaulusi ta kumbuyo tinayamba kunjenjemera, tina n'kutembenukira kutsogolo, ndipo nambala ya mphamvu yonyamula inagwa pakompyuta. Mphepo inali italekana ndi phiko. Zimenezo zikachitikira ndege yeniyeni ili pafupi ndi nthaka, anthu amafa. Mnyamatayo analemba nambalayo, anasintha kanthu kamodzi kokha, n'kuyambiranso. Anandiuza kuti wakhala akuchita zomwezo kwa miyezi.

Nzeru yomvetsa zimene timaulusi tija timaonetsa inachokera kwa mphunzitsi wa ku yunivesite. Mu 1904 Ludwig Prandtl wa ku Germany anafotokoza kuti pali kampweya kopyapyala kamene kamakakamira pakhungu la phiko, ndipo kuti kameneko ndiko kamalamula ngati mphepo itsatire phikolo kapena ilekane nalo. Anakaphunzitsa ku Göttingen kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero wophunzira aliyense wa ndege amadutsa m'masamu ake. Ndipo poti mwatchula njinga, Mayi, dziwani kuti Wilbur ndi Orville Wright, amene anaulutsa ndege yawo pa 17 December 1903 kwa masekondi 12, anali okonza ndi kugulitsa njinga zakapalasa ku Dayton. Mu 1901 anadzipangira kabokosi kawo ka mphepo n'kuyesamo timapiko pafupifupi 200.

Choncho ku yunivesite palibe amene amapanga ndege yathunthu yonyamula anthu 300. Imeneyo ndi ntchito ya makampani akuluakulu monga Boeing ndi Airbus. Wofufuza amatenga funso limodzi laling'ono n'kulimbana nalo zaka ziwiri kapena zinayi. Ndipo mafunso aang'onowo sasankha dziko.

Taonani kwa anzathu ku South Africa. Ophunzira a ku Stellenbosch University anapanga setilaiti yotchedwa SUNSAT, yolemera makilogalamu pafupifupi 64, ndipo inakwera m'mlengalenga mu February 1999 pa roketi ya ku America. Chaka chomwecho aphunzitsi awiri a ku California, Jordi Puig-Suari ndi Bob Twiggs, anayambitsa kasetilaiti kotchedwa CubeSat, kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, koti mungakanyamule m'dzanja limodzi. Cholinga chawo chinali choti wophunzira athe kukapanga n'kukamaliza asanatuluke sukulu. Kabokosi kameneka ndiko kanatsegulira khomo mayiko osauka. Cape Peninsula University of Technology ya ku South Africa inatumiza kake mu 2013. University of Nairobi inagwirizana ndi yunivesite ya Sapienza ya ku Rome, ndipo kasetilaiti ka Kenya kanatulutsidwa mu 2018 pa International Space Station, chombo chachikulu cha kafukufuku chimene chimazungulira dziko m'mlengalenga. Mainjiniya achinyamata a ku Zimbabwe anakaphunzira ku Kyushu Institute of Technology ku Japan, ndipo setilaiti yawo ZimSat-1 inanyamuka mu November 2022 pamodzi ndi ya Uganda.

Musaone kuchepa n'kuganiza kuti ndi chidole. Setilaiti ikangopita, palibe makaniko amene angaitsatire ndi sipanala. Imazungulira dziko pa mphindi pafupifupi 90, nthawi ina ili padzuwa loswa mtengo, nthawi ina mumthunzi wozizira kuposa firiji. Pachifukwa chimenecho amayamba aimangirira patebulo logwedeza, kuti aone ngati kawaya kena kangathothoke pamene roketi ikunyamuka. Kenako amaitsekera m'thanki yopopedwa mpweya wonse, n'kumaitenthetsa ndi kuiziziritsa mobwerezabwereza. Wophunzira mmodzi angathere digiri yake yonse pa batire lokha, wina pa mlongoti wa wailesi.

Gulu limene ine limandisangalatsa kwambiri ndi la ku University of KwaZulu-Natal ku Durban. Maroketi awo otchedwa Phoenix amayaka ndi phula, la mtundu womwewo wopangira makandulo, lophatikiza ndi gasi wa nitrous oxide amene madokotala a mano amagwiritsa ntchito pochepetsa ululu. Si ulendo uliwonse umene unayenda bwino, ina inalephera, koma iwo ankabwerera kukafufuza cholakwika. Mu March 2021 imodzi inakwera makilomita pafupifupi 18 kuchokera pabwalo loyesera la Overberg. Opanga ake ambiri anali ophunzira a masitazi.

Tsopano tibwere kumudzi, chifukwa apa ndi pamene amalume ake ayenera kutchera khutu. Mu 2016 UNICEF ndi boma lathu anayesa ku Lilongwe kunyamula pa droni, kandege kouluka popanda munthu mkati, magazi a makanda okayezetsa HIV. Mu June 2017 anatsegula ku Kasungu dera loyeserako madroni a ntchito zothandiza anthu, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege, ndipo linali loyamba la mtundu umenewu mu Africa. Kumapeto kwa chaka chomwecho kunabwera gulu la ku yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, lotsogozedwa ndi Kevin Kochersberger, ndi kandege kawo kotchedwa EcoSoar. Anakakonza dala kuti kapangidwe ndi zipangizo zotchipa, mapepala olimba okhala ndi thovu mkati ndi tizidutswa tosindikiza pa makina a 3D, kuti kakathyoka kakonzedwe pompano. Amene anakalumikiza ndi manja awo anali ophunzira a ku Malawi, ndipo kanauluka kokha makilomita 19 kuchokera pachipatala cha Gogode kukatera pabwalo la Kasungu. Mgwirizano umenewo ndiwo unabala African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu January 2020 mothandizana ndi MUST ya ku Thyolo. Kumeneko achinyamata ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa amaphunzira kupanga droni, kuiulutsa, ndi kuwerenga zithunzi zimene yajambula.

Aliyense amene anaona zimene namondwe Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu March 2023 safunikira kuuzidwa phindu la zimenezi. Mlatho ukakokoloka, ambulansi imaima kutsidya, koma mankhwala akufunikabe. Ndipo mafunso ofufuza alipo ambiri, athu enieni. Batire lingapirire bwanji kutentha kwa ku Nsanje mu October? Kandege kopepuka kangalimbane bwanji ndi mwera panyanja popita ku Likoma? Katemera angafike bwanji ali wozizirabe? Injiniya wa ku Virginia sagona akuganiza za mwera. Mwana wanu angatero.

Sindikubisirani zowawa zake. Ntchito zolembedwa dzina lakuti aerospace n'zochepa m'chigawo chathu chino, ndipo ambiri amene amazama nazo amakathera kunja. Kafukufuku wina amakhudzana ndi zida zankhondo, ndipo mayiko monga America ali ndi malamulo oletsa mlendo kugwirako ntchito zina ngakhale ali wanzeru chotani. Masamu akenso ndi olemera kwambiri, moti kukonda ndege kokha sikokwanira.

N'chifukwa chake langizo langa ndi lakuti asathamangire dzina la digiri. Ayambe ndi uinjiniya wa makina kapena wa magetsi ndi zamakompyuta, monga umene amaphunzitsa ku MUBAS, imene kale tinkaitcha Poly. Akhoze bwino ndithu, chifukwa magiredi ndiwo amatsegula makomo a sikolashipu. Pulojekiti yake ya chaka chomaliza aisankhe yokhudza droni, mphepo kapena injini, ndipo aphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta adakali m'chaka choyamba. Akatero angakachite masitazi ku South Africa, kumene mayunivesite a Wits ndi Pretoria amaphunzitsa za ndege, kapena ku Japan, kapena kwina. Ofufuza ambiri a ndege ndi masetilaiti analowera khomo limeneli. Ndipo zikakanika, sanataye kanthu. Masamu a mphepo yodutsa paphiko ndi omwewo a madzi ozunguza makina a magetsi ku Nkula, omwewonso a pampu ya ulimi wothirira ndi a utsi woyenda m'balani ya fodya. Injiniya wotere sagona ndi njala.

Pakadali pano, pamene akudikira masankho a ku yunivesite, muyeseni motere. Mumugulire kope la masamba ochepa ndi tepi yoyezera ya atelala. Apeze makatoni kapena thovu loyera lija limabwera ndi wailesi yatsopano, apange kandege kopanda injini, azikaponyera pabwalo la mpira m'mawa mphepo isanayambe. Ulendo uliwonse ayeze mtunda umene kauluka, alembe, kenako asinthe chinthu chimodzi chokha, kaya kutalika kwa phiko, kaya malo a kamwala kolemetsa kumphuno. Pakatha mwezi mutsegule kopelo nonse awiri pamodzi ndi amalume ake, ndipo mudzandilemberenso kundiuza zimene mwapezamo.