Kilimanjaro pa masiku 5? Mng'ono wanga, tayamba wakhala pansi

Mtsikana wina wanditumizira imelo yomwe yandisowetsa mtendere sabata yonseyi. Wapeza malo pa Semester at Sea, sukulu ija imene ophunzira amagona ndi kuphunzirira m'sitima yapamadzi kwinaku akuzungulira mayiko. Asananyamuke n'komwe, anzake a pa gulu la WhatsApp apangana kale kuti sitima ikadzakocheza ku Mombasa adzakwere Kilimanjaro, ndipo ikadzafika ku Casablanca, ku Morocco, adzakwere phiri la Toubkal. Iye sanakwerepo phiri lalikulu, ndalama zake n'zowerengeka. Akufunsa kuti: kodi ndilowe nawo, kapena ndidzabwerera ngati munthu amene anazungulira dziko lonse koma osachitapo kanthu?

Mng'ono wanga, mawu omalizawo ndi amene andibaya, chifukwa mantha amenewo ndimawadziwa bwino.

Inenso ndinayendapo ulendo wa mtundu umenewu ndili pa sukulu, anthu akufuna kwabwino atandilipirira. Timabuku tokopa ophunzira timakuonetsa dzuwa likulowa m'nyanja, anyamata ndi atsikana akuseka pamwamba pa sitima, mabuku ali pamiyendo. Timabukuto sitikuuza kuti m'sitimamo muli anthu a matumba osiyana kwambiri, ndipo kusiyanako kumaonekera poyera usiku woti mawa mukocheza padoko. M'chipinda chodyera mumangomveka za ndege. Awa akuti athamangira ku Victoria Falls, awo alipira kale ulendo wokaona nyama masiku atatu, ena akukangana za hotela. Ine ndinkangoweramira mbale, kutafuna pang'onopang'ono kuti asandifunse. Tsiku lina mtsikana wina wa mtima wabwino ndithu anandifunsa kuti, "Nanga iwe ukupita kuti?" Nditayankha kuti ndikhala mumzinda momwemo, anandimvera chisoni ngati ndamuuza za maliro.

Mzindawo unali Cape Town. Tinalowa padoko m'mamawa, Table Mountain ili poteropo, yafulati pamwamba, yaikulu kuposa mmene zithunzi zimaonetsera. Pofika masana sitima inali itatsala pang'ono kukhala yopanda anthu. Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wa ku Philippines wogwira ntchito kukhitchini, yemwe tsiku ndi tsiku ankatipakulira chakudya ndipo ophunzira ambiri sankamudziwa dzina. Iye anali atafikapo ku Cape Town kambirimbiri, ndipo akapatsidwa maola ochepa opuma ankakwera phirilo. Anati ngati ndikufuna ndimupeze pa makwerero otsikira sitima kusanache, ndi mabotolo awiri a madzi komanso jekete. Ndinaseka za jeketeyo chifukwa kunkatentha. Iye sanaseke.

Tinadzera njira ya Platteklip Gorge, yoyambira pa Tafelberg Road. Ndi mpata wong'ambika pakati pa phirilo, ndipo ndi momwe anadzera António de Saldanha, Mpwitikizi amene mbiri yolembedwa imati anakwera phirili mu 1503 pofuna kuona kumene sitima zake zasochera. Njirayo si yaitali, siikwana makilomita atatu, koma umakwera pafupifupi mamita 700, ndipo ndi masitepe a miyala okhaokha okhotakhota, ena ofika m'bondo. Mthunzi ndi wosowa. Apa m'pamene ndinadziwira zimene nyanja imachita ku miyendo ya munthu. Ukakhala masiku ambiri pamadzi, mtunda wautali umene umayenda ndi wochokera kokagona kupita m'kalasi. Ukatsika, nthaka imakhala ngati ikugwedezekabe. Tisanafike ndi pakati pomwe, akatumba anali atauma gwa, ine wefuwefu, thukuta lili kamukamu, pamene bambo uja, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, ankangoponda mwakachetechete osathamanga, osaima. Ankati munthu amene amakwera masitepe a sitima atanyamula makatoni a mbatata tsiku lililonse phiri silimuopsa.

Chakumapeto mpatawo umapanikizika, makoma a miyala mbali zonse, kamphepo kozizira kakukuwomba kumaso, kenako umangotulukira pamwamba. Tinayenda mpaka ku Maclear's Beacon, mulu wa miyala umene uli pamalo okwera kwambiri a phirilo, mamita 1,086. Mbira zinali zikuwothera dzuwa pamiyala, zonenepa, zosaopa munthu. Ndipo pansi penipeni, kutsogolo kwa Robben Island, ndinaiona sitima yathu. Nyumba yonse ija imene ndinkasocheramo m'makonde, momwe ndinkachitiramo manyazi patebulo, inali kakang'ono koti ndikanakaphimba ndi chikhadabo.

Kenako mtambo unabwera. Anthu a kumeneko amaudziwa: mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikawomba, imakankhira mpweya wachinyontho pamwamba pa phiri, mpweyawo n'kuzizira n'kusanduka chifunga chokuta phiri lonse. Sizinatenge nthawi. Munthu woima mapazi khumi patsogolo pako osamuonanso. Chikepe choyenda pa chingwe, chomwe chakhala chikunyamula alendo kuyambira 1929, chimaimitsidwa mphepo ikakula, ndipo tsikulo anachiimitsa. Potsika tinapeza anthu amene anakwera pa chikepecho atavala masilipasi ndi timalaya topyapyala, akunjenjemera, akutsika masitepe aja chokhala pansi. Bambo uja anapereka botolo lake lachiwiri kwa mayi wina, n'kuyang'ana wotchi, chifukwa madzulo amenewo ankayenera kukhala atavala kale epuloni.

Usiku womaliza padoko anzanga a ndege aja anabwerera otopa, ena atathera theka la nthawi yawo pa mabwalo a ndege. Sindikunena kuti sanasangalale. Koma nditawafunsa za mzinda umene tinakhalamo, ambiri ankangodziwa msewu wochokera padoko kupita ku bwalo la ndege basi.

Ndipo apa ndiye ndilankhule mosapsatira. Pa maulendo amenewa pali matenda owerenga. Kuwerenga mayiko, kuwerenga zidindo za m'pasipoti, kuwerenga mamita a mapiri. Munthu amasankha phiri chifukwa dzina lake likamveka bwino akabwerera kwawo, osati chifukwa akulifuna. Poyamba ndinkati aliyense ali ndi ufulu wochita zimene akufuna ndi ndalama zake. Pano ndimaona kuti khalidweli limapweteka anthu, makamaka ngati iweyo, amene amakongola ndalama kapena kudzimana chakudya madoko atatu kuti aoneke nawo pa chithunzi chimodzi. Gulu la pa WhatsApp limene likukukokalo mwina theka lake silidzapita n'komwe. Amene akulemba mauthenga ambiri ndi amene amayamba kuthawa ikafika nthawi yotumiza ndalama.

Ku Mauritius sitima inangoima tsiku limodzi. Kumbuyo kwa Port Louis kuli phiri lotchedwa Le Pouce, mamita 812, losongoka pamwamba, ndipo munthu utha kukwera n'kutsika nthawi ya chakudya chamadzulo isanakwane. Mphunzitsi wathu wa sayansi ya zamoyo anatikumbutsa kuti Charles Darwin analikwera mu 1836, sitima ya HMS Beagle itakocheza pamenepo. Nkhani ya Darwin imandisangalatsa chifukwa naye anali mnyamata wongomaliza kumene sukulu, wa zaka 22 pamene ankanyamuka mu 1831, ndipo nyanja inkamudwalitsa nseru ulendo wonse wa zaka pafupifupi zisanu. Akangopeza mpata ankatsika n'kuyamba kuyenda, kutola miyala, kuyang'ana tizilombo. Sankafunsa kuti phiri lotchuka kwambiri m'derali ndi liti. Ankakwera limene lili pafupi, maso ali pansi.

Pachilumba chomwecho, kum'mwera chakumadzulo, kuli Le Morne Brabant, mamita 556. Akapolo othawa ankabisala m'mapanga ndi pamwamba pake chifukwa ndi povuta kufikapo, ndipo mu 2008 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse chifukwa cha mbiri imeneyo. Ena a m'sitima mwathu anapitako pa takisi, anajambulitsa atatambasula manja, nyanja yobiriwira ili kumbuyo, ndipo madzulo nditatchula za akapolo aja anadabwa. Zinandipweteka kwambiri. Ophunzira, a pa yunivesite, olipira ndalama zankhaninkhani kuti aphunzire za dziko, kuponda pamalo oterowo osadziwa amene anapondapo kale ndi chimene ankathawa! Laibulale inali m'sitima momwemo, masitepe awiri kuchokera pamene ankagona.

Ndasochera. Tibwerere ku mapiri ako awiri aja.

Za Kilimanjaro

Ayi. Phirili ndi la mamita 5,895, ndipo njira yachidule ya Marangu imafuna masiku osachepera 5 paphiri pokha, pamene anthu odziwa amalangiza 6 kapena kuposa. Uwonjezerepo ulendo wochoka ku Mombasa, kudutsa malire kulowa m'Tanzania mpaka ku Moshi, ndi kubwerera. Sitima izi padoko zimakhala masiku owerengeka, kawirikawiri osafika sabata. Sungakwere wekha popanda wotsogolera wovomerezeka, ndipo malipiro a paki okha ndi madola mazanamazana.

Koma ngakhale ndalama zikanakhalapo, vuto lenileni ndi thupi. Matenda obwera chifukwa chokwera pamwamba mofulumira amayamba cha pa mamita 2,500: mutu waching'alang'ala, nseru, kusowa tulo, kusafuna kudya. Akakula, m'mapapo mumadzaza madzi kapena ubongo umatupa, ndipo munthu amafa. Mankhwala odalirika ndi kutsika. Pamwamba pa Kilimanjaro mpweya umene umakoka uli ndi pafupifupi theka la okosijeni amene umapeza m'mphepete mwa nyanja, ndipo iweyo udzakhala utagona milungu yambiri pa mamita 0 enieni. Mphamvu sizikuteteza. Anyamata othamanga mpira nawonso amagwa, makamaka akakwera mwaphuma, ndipo pagulu la anthu ongodziwana kumene palibe amene amafuna kukhala woyamba kunena kuti mutu ukumupweteka.

Za Toubkal

Iyi ndi yotheka, koma osati mwachibwana. Ndi mamita 4,167, phiri lalitali kuposa onse kumpoto kwa Africa. Kuchoka ku Casablanca kupita ku Marrakech pa sitima yapamtunda ndi maola pafupifupi atatu, kenako galimoto mpaka kumudzi wa Imlil, kumene anthu amayambira. Tsiku loyamba umakagona ku nyumba ya okwera mapiri cha pa mamita 3,200, lachiwiri umafika pamwamba n'kutsika. Chichitikireni kuphedwa kwa alendo awiri kufupi ndi Imlil kumapeto kwa 2018, akuluakulu a boma amafuna kuti aliyense akhale ndi wotsogolera njira. M'miyezi yozizira pamakhala chipale chofewa ndi madzi oundana, ndipo pamafunika zitsulo zomangirira kunsi kwa nsapato, zomwe munthu wosazolowera zimamupinga. Yang'ana mwezi umene mudzafike. Ngati ndi nthawi yozizira, kayende m'zigwa zozungulira Imlil, m'midzi ya Aberber, anthu a m'mapiri amenewo, ndi m'minda yawo ya mitengo ya mtedza yokwera m'mapiri, udzabwerako wokhutira.

Chinthu chimene anzakowo sakuchiwerengera ndi wotchi ya sitima. Pali nthawi yoikika yoti aliyense akhale atalowa, maola angapo sitima isananyamuke, ndipo ukachedwa amakupatsa chilango chimene amachitcha dock time, kutanthauza kuti padoko lotsatira anzako akutsika iwe ukhala m'sitima kudikira maola ako athe. Ukachedwa kwambiri sitima imapita, ndipo ulendo wokaipeza kudziko lina umalipira wekha. Kumbukiranso kuti kalasi iliyonse imakhala ndi tsiku lake lokaphunzirira kumtunda padoko lina, ndipo limenelo sajomba. Ndinaonapo mnyamata akuthamanga padoko chikwama chili kumsana, nsapato zamatope, anthu pamwamba pa sitima akumuimbira m'manja monyogodola. Ena ankaona ngati zoseketsa. Ine ndinkangoganiza za mayi ake.

Tsono yankho langa ndi ili. Tuluka mu pulani ya Kilimanjaro lero, usapereke ndi dipoziti yomwe. Padoko lililonse sankha phiri limene ungakwere n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo ulikwere tsiku loyamba kapena lachiwiri, osati lomaliza. Ngati mudzaime ku Cape Town, yamba ndi phiri la Lion's Head, mamita 669, kenako Platteklip. Ngati ku Kobe, ku Japan, njira ya ku mathithi a Nunobiki imayambira kuseri kwa siteshoni ya Shin-Kobe. Usayende wekha, ulembetse kumene ukupita, uwerenge ngati inshuwalansi yako imalipira ngozi za pamwamba pa mapiri, ndipo masiku a panyanja uzikwera masitepe a sitima m'malo mwa chikepe.

Nsapato ugule panopa uyambe kuzivala, zisakakuonere koyamba paphiri. Masokosi utenge ochindikala, mapeya angapo, chifukwa m'kachipinda ka m'sitima zovala zonyowa siziuma msanga ndipo mnzako wogona naye sadzakukhululukira fungo lake.